Mbiri ya Mamyuziyamu a ku London ndi Kusankha kwa Mlendo wa Masiku Ochepa

Mzinda wa London uli ndi nyumba zambiri zosungiramo ndi kuonetseramo zinthu zakale, zaluso ndi zachilengedwe, zimene zimadziwika kuti mamyuziyamu, ndipo mlendo amene ulendo wake ndi wa masiku awiri kapena atatu okha sangachitire mwina koma kusankha nyumba zoti alowemo ndi zoti azilambalale. Vutoli limaoneka ngati la makono, la nthawi ya ndege ndi tchuthi chachifupi, koma mizu yake ili m'mbiri ya zaka zoposa 250, m'mene katundu wa munthu mmodzi anachulukira mpaka kugawikana m'nyumba zingapo, ndiponso m'mene anthu wamba, amene poyamba ankabwezedwa pachipata, anayamba kuloledwa kulowa pang'onopang'ono. Nyumba iliyonse mwa nyumbazi inakhazikitsidwa kuti iyankhe funso lakelake, ndipo munthu wodziwa funso limene linabala nyumbayo amasankha mwanzeru kuposa amene amangotsatira kutchuka kwa dzina.

Nkhaniyi imayambira pa Hans Sloane, dokotala wobadwira ku Ireland m'chaka cha 1660, amene anapita ku Jamaica mu 1687 kukagwira ntchito monga dokotala wa bwanamkubwa wa chilumbacho, ndipo anabwerako ndi zomera zambiri zoumitsa pamodzi ndi zolemba zofotokoza nyama, matenda ndi moyo wa anthu a kumeneko. Pambuyo pake anakwatira mkazi wamasiye amene ankalandira phindu la minda ya nzimbe ya ku Jamaica, minda imene inkalimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa, ndipo chuma chimenechi, kuphatikiza ndi malipiro a udokotala wake pakati pa anthu olemera a mu London, chinamuthandiza kugula mabuku, ndalama zachitsulo zakale, miyala, zigoba za m'nyanja ndi katundu yense amene anthu ena okonda kusonkhanitsa zinthu ankasiya akamwalira. Iye atamwalira mu 1753 anasiya zinthu pafupifupi 71,000, ndipo m'chikalata chake cha chuma chamasiye analemba kuti boma litenge zonsezo pamodzi pa mtengo wa mapaundi 20,000 opita kwa ana ake, n'cholinga choti zisamwazike. Nyumba ya Malamulo inavomera, ndipo inapeza ndalamazo kudzera mu lotale, womwe ndi mpikisano wa mwayi umene anthu amagula matikiti poyembekezera mphoto, n'kugula nyumba yaikulu yotchedwa Montagu House m'dera la Bloomsbury. British Museum inatsegulidwa m'nyumbayi pa 15 Januwale 1759, ndipo chinali chinthu chachilendo m'nthawiyo chifukwa mwini wake sanali mfumu kapena mpingo, koma fuko lonse kudzera mwa gulu la anthu osankhidwa kuti aziiyang'anira.

Kulowa kunali kwaulere kuyambira pachiyambi, koma kunali ndi chintchito chake. Munthu wofuna kuona zinthuzo ankayenera kupita kwa mlonda wa pachipata kukalembetsa dzina lake, udindo wake ndi kumene amakhala, kenako n'kubweranso tsiku lina kudzamva ngati akuluakulu a nyumbayo amuvomereza ndi kudzatenga tikiti, imene inali ya tsiku linanso, nthawi zina patapita masabata angapo. Tsikulo likakwana, alendo ankalowa m'timagulu ting'onoting'ono motsogozedwa ndi wogwira ntchito m'nyumbamo, amene ankawadutsitsa chipinda ndi chipinda mothamanga, osawapatsa mpata woima pa chinthu chimene chawakopa. William Hutton, wogulitsa mabuku wa ku Birmingham amene anachezako mu 1784, anadandaula m'zolemba zake kuti anamuthamangitsa m'zipinda zonse kwa mphindi pafupifupi 30 ndipo anatuluka asanaphunzirepo kanthu. M'zaka zoyambirirazo olowa ankakhala pafupifupi 5,000 pa chaka. Pansi pa ndondomeko yotereyi mlendo wa masiku ochepa analibe choti asankhe, popeza ulendo wake unkatha tikiti isanatuluke, ndipo ngakhale amene analowa sankasankha yekha choti aone. Malamulowa anafewetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, kotero kuti pofika 1810 munthu aliyense wovala modzilemekeza ankaloledwa kulowa masiku ena a sabata n'kuyenda yekha m'zipindazo.

Pamene chipata chinkatseguka, katundu wa m'nyumbamo ankachuluka mofulumira chifukwa cha nkhondo ndi kukula kwa ufumu wa Britain. Mwala wa Rosetta, umene asilikali a ku France anaupeza ku Egypt mu 1799, unalandidwa ndi Angerezi atagonjetsa asilikaliwo, ndipo unayamba kuonetsedwa ku London mu 1802. Mwalawu uli ndi lamulo limodzi lolembedwa m'mitundu itatu ya zilembo, ndipo unathandiza Jean-François Champollion kutulukira mu 1822 kawerengedwe ka zilembo zakale za ku Egypt. Mu 1816 Nyumba ya Malamulo inagula pa mapaundi 35,000 ziboliboli zamwala zimene Lord Elgin anachotsa pa kachisi wa Parthenon ku Athens, ndipo m'zaka za m'ma 1840 Austen Henry Layard anakumba m'mabwinja a Asuri, m'dziko limene lero ndi Iraq, n'kutumiza ku London zimiyala zosemedwa ngati ng'ombe ndi mikango yamapiko yokhala ndi mitu ya anthu. Nyumba ya Montagu inachepa, ndipo m'malo mwake munamangidwa, kuyambira mu 1823, chinyumba cha nsanamira zitalizitali chimene chilipo mpaka lero, chokonzedwa ndi Robert Smirke. Komabe nachonso chinadzaza chisanathe n'kumangidwa komwe, moti mafupa a nyama, mbalame zoumitsa, mabuku ndi ziboliboli zinkalimbirana malo m'zipinda zomwezo.

Mlendo wa masiku ochepa, monga mmene akudziwikira lero, anabadwa m'chaka cha 1851. M'chaka chimenecho Prince Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria, pamodzi ndi wogwira ntchito m'boma wotchedwa Henry Cole, anakonza chionetsero chachikulu cha zopangidwa m'mafakitale a mayiko osiyanasiyana, chimene chinachitikira m'paki ya Hyde Park m'chinyumba cha magalasi ndi zitsulo chotchedwa Crystal Palace, chokonzedwa ndi Joseph Paxton. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala matikiti olowera anafika pafupifupi 6 miliyoni, ndipo chimene chinachulukitsa anthu chinali masiku amene mtengo unatsitsidwa kufika pa shileni imodzi, komanso njanji zimene zinali zitangolumikiza London ndi mizinda ya mafakitale ya kumpoto. Thomas Cook, amene dzina lake linadzatchuka pa bizinesi ya zokopa alendo, ananyamula anthu oposa 150,000 pa sitima zotsika mtengo, ambiri mwa iwo antchito amene anali asanapondepo mu London ndipo anali ndi tsiku limodzi kapena awiri okha asanabwerere ku ntchito. Chionetserocho chinasiya phindu la mapaundi 186,000, ndipo ndalamazi zinagwiritsidwa ntchito kugula malo a maekala oposa 80 ku South Kensington, kumene Albert ankafuna kuti kumangidwe mamyuziyamu ndi masukulu a zaluso ndi sayansi moyandikana.

Nyumba yoyamba pa malowa, imene inatsegulidwa mu 1857 ndi dzina loti South Kensington Museum, inali ndi cholinga chosiyana kwambiri ndi cha British Museum. Henry Cole, mtsogoleri wake woyamba, ankakhulupirira kuti katundu wopangidwa ku Britain anali wolimba koma wosakongola poyerekeza ndi wa ku France, ndipo mankhwala ake anali kuonetsa amisiri, oumba mbiya, owomba nsalu ndi osula zitsulo ntchito zabwino koposa za anzawo a m'mayiko ena ndi a m'mibadwo yakale. Popeza amisiriwo ankakhala pa ntchito masana onse, Cole anaika nyali za gasi m'zipinda n'kuyamba kutsegula madzulo kuyambira mu 1858, ndiponso anakhazikitsa chipinda chodyera m'nyumbamo, chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'myuziyamu ina iliyonse. Apa ndi pamene panayambira ganizo lakuti mlendo ndi munthu amene amatopa, amamva njala ndipo nthawi yake ndi yowerengeka. Mu 1899 Mfumukazi Victoria anaika mwala wa maziko a nyumba yatsopano n'kusintha dzina kukhala Victoria and Albert Museum, ndipo mpaka lero amene amapindula kwambiri ndi nyumbayi ndi munthu wokonda nsalu, zovala, mipando, mbale, ndolo, mikanda ndi china chilichonse chimene manja a mmisiri anachikongoletsa.

Kugawikana kwakukulu kunadza chifukwa cha Richard Owen, katswiri wa mafupa a nyama amene mu 1842 anapereka dzina loti dinosaur kwa zinyama zikuluzikulu zokwawa zimene zinatha kalekale padziko. Atapatsidwa udindo woyang'anira zinthu zachilengedwe ku British Museum mu 1856, anapeza zikopa zikuonongeka ndi tizilombo ndiponso mafupa ataunjikana m'zipinda zachinyontho, ndipo analimbikira kwa zaka zambiri kuti zinthuzi zikhale ndi nyumba yawoyawo. Nyumbayo, yokonzedwa ndi Alfred Waterhouse, inatsegulidwa ku South Kensington mu Epulo 1881, ndipo makoma ake anakutidwa ndi matailosi a dothi lootcha amene saonongeka msanga ndi utsi wa malasha. Pa makomawo paumbidwa anyani okwera m'mizati, mbalame, nsomba ndi masamba, ndipo zamoyo zimene zikadalipo anaziika kumbali ya kumadzulo pamene zimene zinatha anaziika kumbali ya kum'mawa, kuti nyumbayo iziphunzitsa munthu asanayang'ane n'komwe m'kabati iliyonse. Natural History Museum inakhalabe nthambi ya British Museum mpaka lamulo la 1963 linailekanitsa, ndipo lero imasunga zinthu pafupifupi 80 miliyoni. M'holo yake yaikulu, mmene kwa zaka zambiri munkaima chifaniziro cha mafupa a dinosaur chimene Andrew Carnegie anapereka mu 1905, mwapachikidwa kuyambira mu 2017 mafupa a namgumi wotalika mamita 25, amene anafera m'mphepete mwa nyanja ku Ireland mu 1891.

Magawo ena anatsatira njira yomweyo. Makina, injini ndi zida za sayansi zimene zinali mu South Kensington Museum zinapatulidwa mu 1909 n'kukhala Science Museum, kumene kumasungidwa mutu wa sitima wotchedwa Puffing Billy, umodzi mwa mitu yakale kwambiri yoyendera nthunzi imene ikadalipo, pamodzi ndi chipinda chimene James Watt ankagwiriramo ntchito, chosamutsidwa ndi zida zake zonse. Mabuku a British Museum, amene kuyambira mu 1857 ankawerengedwa m'chipinda chozungulira cha pakati pa nyumbayo, anaperekedwa mu 1973 ku bungwe latsopano la British Library, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anasamutsidwira ku St Pancras. Bwalo limene mabukuwo anachokamo linafoleredwa ndi denga la magalasi n'kutsegulidwa m'chaka cha 2000. Choncho zinthu zimene Sloane anapempha kuti zisalekanitsidwe zili lero m'nyumba zitatu: zomera zake ku South Kensington, mabuku ake ku St Pancras, ndipo zotsalazo ku Bloomsbury.

Zithunzi zojambula pamanja zinali ndi mbiri yawoyawo. National Gallery inayamba mu 1824 pamene boma linagula zithunzi 38 za John Julius Angerstein pa mapaundi 57,000, ndipo mu 1838 inasamukira ku Trafalgar Square, malo amene anasankhidwa chifukwa olemera a kumadzulo kwa mzinda akanatha kufikapo pa ngolo zawo pamene osauka a kum'mawa akanafikapo wapansi. Nyumbayi ili ndi zithunzi pafupifupi 2,300 zokha, zojambulidwa ku Europe kuyambira zaka za m'ma 1200 mpaka cha m'ma 1900, ndipo kuchepa kwake ndi kumene kumaipangitsa kukhala yoyenera munthu wa maola awiri. Zithunzi za ojambula a ku Britain zinapeza malo mu 1897 pamene Henry Tate, amene analemera ndi malonda a shuga, anapereka zithunzi 65 ndi ndalama zomangira nyumba, imene inadzadziwika kuti Tate, ku Millbank, pamalo pamene kale panali ndende. Patapita zaka zoposa 100, m'chaka cha 2000, ntchito zaluso za makono zochokera m'mayiko onse zinapatsidwa nyumba yotchedwa Tate Modern, m'chinyumba chakale chopangira magetsi cha Bankside m'mbali mwa mtsinje wa Thames, ndipo holo imene munkakhala makina opukusa magetsi inasanduka malo oonetseramo ntchito zikuluzikulu zosinthasintha chaka ndi chaka.

Mafunso awiri amene mlendo aliyense amayamba wafunsa, la tsiku lotsegula ndi la mtengo wolowera, nawonso anathetsedwa patadutsa mikangano yaitali. Kwa zaka zambiri mamyuziyamu a boma ankatsekedwa Lamlungu chifukwa atsogoleri ena a mipingo ankaona kuti kutsegula n'kuphwanya tsiku lopatulika, pamene mabungwe ena a antchito ankanena kuti limenelo ndi tsiku lokhalo limene munthu wa pa fakitale ali ndi mpata. Nyumba ya Malamulo inalola kutsegula Lamlungu mu 1896. Za ndalama zinavuta m'zaka za m'ma 1980, pamene boma linachepetsa thandizo ndipo Natural History Museum inayamba kulipiritsa mu 1987, Science Museum mu 1988, kenako Victoria and Albert Museum mu 1996, pamene British Museum, National Gallery ndi Tate anakana kuika mtengo pachipata. Kumene kunaikidwa mtengo chiwerengero cha alendo chinatsika, ndipo boma litabwezeretsa kulowa kwaulere pa 1 Disembala 2001, olowa mu Victoria and Albert Museum anawirikiza kawiri m'chaka choyamba. Kulowa kwaulere kumakhudza zipinda zokhazikika, pamene zionetsero zapadera za miyezi yochepa zimalipiritsa, ndipo phindu lake kwa mlendo ndi lakuti angathe kulowa kukaona chipinda chimodzi n'kutuluka, popanda mtima wofuna kumaliza nyumba yonse pofuna kuti ndalama yake isapite pachabe.

Ufulu umenewu ndi wofunika chifukwa nyumba zikuluzikuluzi sizingamalizidwe. British Museum imasunga zinthu pafupifupi 8 miliyoni, ndipo zimene zimaonetsedwa pa nthawi imodzi ndi pafupifupi 80,000. Munthu atati aziima mphindi imodzi pa chilichonse angafunike maola oposa 1,300. Kutopa kumene kumagwira alendo kunafotokozedwa koyamba mwatsatanetsatane mu 1916 ndi Benjamin Ives Gilman wa ku myuziyamu ya zaluso ya ku Boston, amene anajambula zithunzi za munthu akuyesa kuwerenga timapepala tofotokoza zinthu ndipo anaonetsa kuti munthuyo ankayenera kuwerama, kugwada, kunyonyomala ndi kusomphola khosi kambirimbiri kuti aone bwinobwino. Ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti chidwi cha mlendo chimayamba kuzilala ola lisanathe, ndipo kuchokera pamenepo amangodutsa m'zipinda maso ali pa khomo lotulukira. Akale anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo amene amayesa kulowa m'nyumba zitatu za South Kensington tsiku limodzi, pongoona kuti zayandikana mumsewu wa Exhibition Road ndipo njira ya pansi yomangidwa mu 1885 imafika pafupi ndi zitseko zake kuchokera pa siteshoni, amabwerera atatopa ndi zochepa m'mutu.

Olemba mabuku otsogolera alendo anazindikira msanga kuti ntchito yawo ndi yosankhira anthu. Karl Baedeker wa ku Germany anayamba m'zaka za m'ma 1840 kuika nyenyezi pambali pa malo ndi zinthu zimene wapaulendo wofulumira sayenera kuphonya, ndipo mwambowu unafalikira mpaka mamyuziyamu eni ake anayamba kusindikiza mapu osonyeza zinthu khumi kapena khumi ndi ziwiri zoti munthu aone m'ola limodzi. Mu 2010 Neil MacGregor, amene anali mkulu wa British Museum, anasankha zinthu 100 zokha n'kufotokoza mbiri ya dziko lonse kudzera mwa zimenezo pa wayilesi ya BBC. Njirayi imathandiza, koma ili ndi choipa chake, chifukwa imaunjika anthu onse pa zinthu zomwezo: kutsogolo kwa kabati ya mwala wa Rosetta kumakhala chikhamu cha anthu okweza mafoni m'mwamba, pamene zipinda zina, zokhala ndi zinthu zofunika chimodzimodzi, zimakhala pafupifupi zopanda munthu. Nyenyezi ya m'buku imasonyeza chimene wolembayo ndi m'badwo wake anachiona kukhala chapamwamba, ndipo kwa zaka zambiri nyenyezizo zinkagwera pa Greece, Rome ndi Egypt basi.

Kwa mlendo wochokera ku Africa, mbali iyi ya mbiri ndi yolemera kwambiri. Zinthu za anthu a ku Africa, kupatula za ku Egypt zimene nthawi zonse zakhala ndi zipinda zawozawo, zinasamutsidwa mu 1970 chifukwa cha kuchepa kwa malo n'kupita ku nyumba ina yotchedwa Museum of Mankind, ndipo zinabwereranso ku Bloomsbury nyumbayo itatsekedwa mu 1997. Chipinda chake chatsopano, cha nambala 25, chinatsegulidwa mu 2001 m'chigawo cha pansi pa nyumbayo. M'chipindachi muli zosula zamkuwa za ku Benin City, ku Nigeria, zimene asilikali a Britain analanda mu 1897 atathira nkhondo mzindawo ndi kuchotsa mfumu yake pampando, ndipo British Museum ili ndi zinthu zoposa 900 zochokera mu ufumuwo. Nyumba yomweyi inagula mu 2002 mpando wopangidwa ndi zidutswa za mfuti, ntchito ya mmisiri wa ku Mozambique wotchedwa Cristóvão Canhavato, yochokera mu ndondomeko imene a Bishopu Dinis Sengulane anayambitsa mu 1995 nkhondo ya pachiweniweni itatha, pamene anthu ankapereka mfuti n'kulandira makasu, njinga ndi makina osokera. Zinthu ziwirizi zili pansi pa denga limodzi, china cholandidwa ndi mfuti, china chogulidwa kwa mmisiri amene anaphwanya mfuti, ndipo mlendo amene amawerenga mmene chinthu chinafikira ku London, osati chaka chimene chinapangidwa chokha, amaphunzira mbiri ziwiri nthawi imodzi.

Chitsanzo chapafupi kwambiri ndi kwawo kwa olankhula Chichewa ndi chigaza cha ku Kabwe. Mu Juni 1921 ogwira ntchito mumgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, m'dziko la Zambia limene pa nthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia, anafukula chigaza cha munthu wamakedzana chokhala ndi mphumi yotsika ndi fupa lalikulu pamwamba pa maso, ndipo kampani ya mgodiwo inachitumiza ku London kumene Arthur Smith Woodward anachifotokoza n'kuchipatsa dzina la sayansi loti Homo rhodesiensis. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 anasonyeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Chigazachi chimasungidwabe ku Natural History Museum, pamene dziko la Zambia, limene lakhala likupempha kuyambira m'zaka za m'ma 1970 kuti chibwerere kwawo, lili ndi chifaniziro chake chokha. Lamulo la 1963 limaletsa British Museum ndi Natural History Museum kupereka zinthu zawo kupatula pa zifukwa zochepa, ndipo n'chifukwa chake madandaulo a Nigeria, Greece ndi mayiko ena atenga nthawi yaitali chonchi. Nyumba zimene sizili pansi pa lamuloli zachita mosiyana: Horniman Museum ya ku Forest Hill, imene Frederick Horniman, wamalonda a tiyi, anaipereka kwa anthu a mu London mu 1901, inavomera mu 2022 kubwezera ku Nigeria umwini wa zinthu 72 za ku Benin.

Pambali pa nyumba zikuluzikulu pali zing'onozing'ono zimene zinasungidwa monga eni ake anazisiyira, ndipo izi n'zimene munthu angathe kuzimaliza m'ola limodzi kapena awiri. Sir John Soane, katswiri wa zomangamanga, anapeza lamulo lapadera ku Nyumba ya Malamulo mu 1833 loti nyumba yake ya ku Lincoln's Inn Fields isasinthidwe iye akadzamwalira, ndipo chimwalirireni chake mu 1837 yakhala pafupifupi momwemo. M'kachipinda kake ka zithunzi makoma ena ndi zitseko zikuluzikulu zimene wogwira ntchito amazitsegula pamaso pa alendo n'kuonetsa zithunzi zina zopachikidwa kuseri kwake, moti kachipinda kochepa kamasunga zithunzi zoposa 100. Pansi pa nyumbayo pali bokosi la maliro lamwala la Seti I, mfumu ya ku Egypt, limene Soane anagula mu 1824 pa mapaundi 2,000 British Museum itakana mtengowo. Wallace Collection, imene inatsegulidwa mu 1900 m'nyumba ya Hertford House, nayonso ndi katundu wa banja limodzi. M'nyumba zoterezi mlendo amaona mmene kusonkhanitsa zinthu kunalili pasanabwere akatswiri ozigawa m'magulu, ndipo amamvetsa bwino chiyambi cha nyumba zikuluzikuluzo.

Mbiri yonseyi ikusonyeza kuti kusankha myuziyamu ku London ndi kusankha funso. Amene akufuna kudziwa za maufumu akale ndi mmene chuma chawo chinafikira ku Britain apite ku Bloomsbury; wofunsa za chiyambi cha zamoyo, za makina amene anasintha ntchito za anthu, kapena za luso la manja ali ndi nyumba zitatu ku South Kensington, ndipo ndi bwino atasankhapo imodzi pa tsiku; wokonda zojambula asankhe pakati pa zakale za ku Trafalgar Square ndi za makono za ku Bankside. Nyumba imodzi yaikulu m'mawa, zipinda ziwiri kapena zitatu zosankhiratu, ndi nyumba yaing'ono masana, ndi muyezo umene umagwirizana ndi mphamvu za thupi komanso ndi mtunda wa pakati pa madera a mzindawu. Kugawikana kumene kunayamba mu 1881 sikunathe, popeza Museum of London, yofotokoza mbiri ya mzindawu, inatseka nyumba yake yakale mu 2022 pokonzekera kusamukira kumsika wakale wa Smithfield, ndipo zokambirana za umwini wa zinthu zolandidwa zikupitirira. Zokambiranazi zikadzabala zipatso, wofuna kuona zosula za ku Benin kapena chigaza cha ku Kabwe adzayenera kukonza ulendo wa ku Nigeria kapena ku Zambia, ndipo ana a sukulu a m'mayikowo, amene ambiri mwa iwo sadzapondako ku London, adzaona ndi maso awo zimene lero amangoziona m'mabuku.